Nambala ya pamndandanda: chimene oyendetsa ndege amalimbirana makampani awo akaphatikizana

Pa 15 Januwale 2009 ndege ya US Airways inawombana ndi atsekwe itangonyamuka ku New York, injini zonse ziwiri zinazima, ndipo inakatera pamadzi mu mtsinje wa Hudson. Anthu onse 155 anatuluka amoyo. Dzina limene dziko linaloweza ndi la kaputeni, Chesley Sullenberger. Amene anakhala kumanja kwake, Jeffrey Skiles, sanatchuke motero, koma nkhani yathu ikuyambira pa iye. Bamboyu anali atagwira ntchito pakampanipo zaka zoposa 20, ndipo ukaputeni anali ataulawapo kale. Nanga pampando wa wothandizira ankatanipo? Palibe chimene analakwa. Kampani inafota, ndege zinachepa, ndipo nambala yake pamndandanda inaleka kumufikitsa pampando wa kumanzere, wa kaputeni.

Mwezi wotsatira Sullenberger anakaima pamaso pa aphungu ku Washington n'kuwauza kuti malipiro ake anadulidwa ndi 40 peresenti ndipo penshoni imene ankaidalira inathetsedwa. Pa nthawiyo oyendetsa ndege a kampaniyi anali atavala yunifomu imodzi koma ali pa nkhondo ya pachiweniweni. Sankalimbana ndi mabwana ayi, ankalimbana okhaokha, ndipo chimene ankalimbirana ndi nambala yomweyo.

Nambala imeneyi n'chiyani?

Ku makampani akuluakulu a ndege a ku America, munthu akalembedwa ntchito youlutsa ndege amapatsidwa nambala tsiku loyamba lomwelo, ndipo imakhala ya kumchira kwa mndandanda. Imakwera pokhapokha wina wa kutsogolo akapuma, akamwalira kapena akasiya ntchito. Moyo wake wonse wa pantchito umayenda ndi nambalayi. Mpando wa kaputeni ukapezeka, amautenga ndi amene ali ndi nambala yabwino mwa onse oufuna. Chimodzimodzi mtundu wa ndege, mzinda umene azinyamukira, maulendo a mwezi uliwonse, ngakhale zoti Khirisimasi aidyera kunyumba kapena mu hotela ya kutali. Wa kumchira amakhala pafupi ndi foni, kudikira kuti aitanidwe wina akadwala. Zinthu zikavuta, kuimitsa anthu ntchito kumayambira kwa iye, ndipo zikayambanso kuyenda amaitanidwa pomalizira.

Malipiro nawo amatsatira pompo. Amawerengedwa pa ola louluka, ndipo mtengo wa olalo umadalira kukula kwa ndege, mpando umene wakhala, ndi zaka zimene wagwira. Lamulo sililola munthu kuuluka maola oposa 1,000 pa chaka, choncho sungati ndigwira modzipha kuti ndipeze zambiri. Njira yopezera zambiri ndi kusamukira kumpando wa kumanzere kapena kundege yokulirapo, ndipo khomo lake limatsekulidwa ndi nambala. Kutsika malo mazana angapo kungachedwetse ukaputeni ndi zaka zambiri, ndipo zaka zimenezo sizibwerera chifukwa pali msinkhu umene lamulo limakupumitsa, ufune usafune.

Wina angafunse kuti bwanji osangokweza amene ali waluso. Oyendetsa ndege anamenyera dongosololi dala, kuyambira m'masiku oyambirira a bungwe lawo lalikulu la ALPA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1931. Kaputeni ayenera kukhala ndi mphamvu yokana kunyamuka ngati nyengo yaipa kapena ngati chipangizo china chikumukayikitsa. Kukwezedwa kwake kukamadalira kukondedwa ndi bwana, tsiku lina adzanyamuka mtima ukukana. Mndandanda umachotsa kukondera, ndipo pa zimenezi ndi chinthu chabwino.

Kuipa kwake n'kwakuti nambala siyenda nawe. Kaputeni wa zaka 25 akasamukira ku kampani ina amakayambira kumchira, pa malipiro a mlendo, kumanja kwa mnyamata amene akanatha kukhala mwana wake. Dokotala kapena injiniya akatopa ndi abwana amanyamula luso lake n'kukaligulitsa kwina pa mtengo womwewo. Woyendetsa ndege sangatero. Bwato likayamba kulowa madzi iye amangokapa, chifukwa chuma chake chonse chili m'bwato momwemo.

Mizere iwiri, mjigo umodzi

Tsono makampani awiri akaphatikizana, ndege amazipaka utoto watsopano, maofesi amawaphatikiza, koma mindandanda iwiri ija iyenera kusanduka umodzi, ndipo palibe nambala imene anthu awiri angagawane. Wina akakwera, wina watsika.

Taganizani za mijigo iwiri m'mudzi. Pa woyamba pali mzere wautali wa anthu amene anaika zidebe mbandakucha, koma mjigowo ukutulutsa madzi modontheza ndipo ena auzidwa kale kuti abwerere kunyumba. Pa wachiwiri mzere ndi waufupi, anthu ake afika dzuwa litakwera, koma madzi akutuluka bwino ndipo aliyense akuona kuti atunga posachedwa. Amfumu akuti mizere ikhale umodzi. A mzere woyamba akuti tiyendere nthawi imene munthu anafika. A mzere wachiwiri akuti ayi, ine ndinali wachitatu kuti nditunge, mukandiika pambuyo pa anthu 40 mwandibera madzi anga. Onse akunena zoona, ndipo mkangano wa US Airways unali wotere ndendende.

Mu Sepitembala 2005 kampani ya America West ya ku Arizona inaphatikizana ndi US Airways. Dzina linatsala la US Airways, koma utsogoleri unachokera ku America West: mkulu wake, Doug Parker, ndiye anatenga chiwongolero, ndipo likulu linakhala ku Tempe, pafupi ndi Phoenix. US Airways inali kampani yakale, yomera kuchokera ku Allegheny ya ku Pittsburgh, yomwe inameza Mohawk, PSA ndi Piedmont m'zaka za m'mbuyo. Koma inali itathawira kukhoti kawiri, mu 2002 ndi mu 2004, kupempha chitetezo kwa amene inali nawo ngongole. America West inayamba kuuluka mu 1983, inali yaing'ono, ndipo anthu ake ambiri anali achinyamata pantchito.

Pamndandanda wa US Airways panali oyendetsa ndege pafupifupi 5,100, koma pafupifupi 1,700 mwa iwo anali ataimitsidwa, akudikira kunyumba popanda malipiro. America West inali ndi pafupifupi 1,900, onse ali pantchito. Magulu awiriwa anayamba kutchedwa a Kum'mawa ndi a Kumadzulo, ndipo mayinawa anakhala ngati mafuko.

A Kum'mawa ankafuna tsiku lolembedwa ntchito likhale muyeso. Kwa iwo nkhani inali yosavuta: tinapirira kudulidwa malipiro kawiri, penshoni yathu inapita mu 2003, ndipo ambiri mwa ife tipuma posachedwa, malo amene akuluakulu athu adzasiye ndi cholowa cha ang'ono athu, osati cha alendo. A Kumadzulo ankayankha kuti tsiku lolembedwa ntchito pa kampani imene inatsala pang'ono kutsekedwa ndi pepala chabe. Munthu amene ali kunyumba sanabweretse ntchito iliyonse mu ukwatiwu, ndiye adutse bwanji kaputeni amene akuulutsa ndege lero? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, ankatero m'mawu awoawo. Wa pachala ngwamphepo.

Popeza magulu onse anali mu ALPA, anatsata malamulo a bungwelo: kukambirana kaye, kenako mkhalapakati woyanjanitsa, zikakanika mkhalapakati wogamula, amene chigamulo chake mbali zonse zavomereza pasadakhale kuti n'chomaliza. Anasankha George Nicolau, mkulu wodziwika pa milandu ya ogwira ntchito. Mu Meyi 2007 anatulutsa mndandanda wake. Pamwamba anaika a Kum'mawa pafupifupi 500, chifukwa ndege zikuluzikulu zowoloka nyanja kupita ku Ulaya zinali zawo, America West inalibe. Pakati anasakaniza magulu awiriwa molingana ndi mpando ndi ndege imene aliyense anali nayo. Pansi penipeni, kuseri kwa wa Kumadzulo wotsiriza, anaika onse a Kum'mawa amene anali kunyumba pa tsiku la kuphatikizana. Zotsatira zake zinali zakuti anthu ena olembedwa ntchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anapezeka pambuyo pa anthu amene anali asanathe n'komwe chaka pantchito mu 2005.

Kum'mawa kunayaka moto. Ndipo kunena chilungamo, ululu wawo ndi womveka. Pofika 2007 ena mwa oimitsidwa aja anali atayamba kuitanidwanso, choncho kwa iwo zinaoneka ngati Nicolau wawajambula pa tsiku loipitsitsa la moyo wawo n'kunena kuti nkhope yawo ndi imeneyo mpaka kalekale.

Pamene ochuluka anakana chigamulo

Apa ndi pamene nkhaniyi inasiyana ndi mikangano ina yonse. Panali mgwirizano wakuti mndandanda watsopano udzayamba kugwira ntchito pokhapokha magulu awiriwa akakhala ndi kontirakiti imodzi ndi kampani. Ndiye ngati kontirakiti imodzi palibe, mndandanda wa Nicolau ukhala mu kabati. A Kum'mawa anaona khomo limeneli. Anatuluka pa zokambirana za kontirakiti, n'kuyambitsa bungwe latsopano lotchedwa USAPA, likulu lake ku Charlotte, lomwe malamulo ake ananeneratu kuti muyeso wa ukulu ndi tsiku lolembedwa ntchito. Mfundo yawo inali yakuti amene anavomera kupita kwa Nicolau ndi ALPA, choncho bungwe latsopano silimangidwa ndi lonjezo la lakale. Popeza anali ochuluka, mu Epulo 2008 anapambana chisankho, ALPA inachotsedwa, ndipo a Kumadzulo anapezeka akuimiridwa ndi bungwe limene linabadwira kudzawatsitsa.

Kwa ine apa ndi pamene a Kum'mawa anaphonya. Kudandaula ndi chigamulo n'kololedwa. Koma ngati munavomera nonse kuti mutula nkhani kwa mkhalapakati ndipo chimene anene n'chomwecho, simungati pobwerako musinthe dzina la banja kuti chigamulo chisakupezeni. Zikanakhala kuti Nicolau anakomera iwo, sindikhulupirira kuti akanalola a Kumadzulo kuchita zomwezo.

Mu 2008 mafuta atakwera mtengo, kampani inalengeza kuti iimitsa oyendetsa ndege 300, ndipo 175 anali a Kumadzulo, anthu amene pamndandanda wa Nicolau akanakhala ndi mazanamazana pambuyo pawo. A Kumadzulo anakasuma ku khoti la ku Phoenix. Lamulo la ku America limati bungwe la ogwira ntchito liyenera kuimira anthu ake onse mosakondera, ndi ochepa omwe. Mu Meyi 2009 khotilo linapeza kuti USAPA inaphwanya udindo umenewu. Mu Juni 2010 khoti la apilo linafafaniza chigamulocho, osati chifukwa USAPA inalibe mlandu, koma chifukwa mlanduwo unali usanapse: kontirakiti yotsitsa a Kumadzulo inali isanasainidwe, ndiye kuvulala kunali kusanachitike. Nkhani inabwerera pomwe inayambira, maloya okha ndi amene anakhuta.

Nanga kampani inkatani? Inavomereza mndandanda wa Nicolau pa pepala, n'kunena kuti mkangano ndi wa oyendetsa ndege okha. Inalibe chifukwa chothamangira. Makampani a ndege ku America amayendera lamulo lakale la ogwira ntchito za njanji, la mu 1926, lomwe linafutukulidwa kufika ku ndege mu 1936. Pansi pa lamuloli kontirakiti siitha ntchito ngakhale nthawi yake ikwane. Imapitirira mpaka ina itapezeka, ndipo sitiraka siloledwa mpaka bungwe la boma loyanjanitsa litanena kuti zokambirana zakanika n'kudutsanso masiku 30. Choncho chaka chilichonse chimene oyendetsa ndege ankakangana, a Kum'mawa ankalandirabe malipiro odulidwa a mu 2004, a Kumadzulo ankalandira a kontirakiti yawo yakale, ndipo onse anali m'gulu la olandira zochepa kwambiri pakati pa makampani akuluakulu. Anzawo a ku kampani ya Delta ankakwezedwa malipiro iwo akuonerera. Mu 2011 kampani inasumira USAPA kuti anthu ake akugwira ntchito mwachidodo dala, ndipo khoti la ku Charlotte linapereka chiletso.

Pa zaka zonsezi wokwera ndege ankangoona dzina limodzi pa tikiti, osadziwa kuti kutsogolo kuli makampani awiri. Wa Kum'mawa sankaulutsa ndege ya Kumadzulo, ndipo awiriwa sankakhala m'chipinda chimodzi choyendetsera. Poonjezera mchere pachilonda, mu Disembala 2007 msinkhu wopumira unakwezedwa kuchoka pa zaka 60 kufika pa 65, kotero kuti kwa zaka zisanu a kutsogolo sanasunthe ndipo mzere wonse unaima.

St. Louis ndi Atlanta

Mantha a oyendetsa ndege pa nkhani zoterezi sanayambe ndi US Airways. Mu 2001 American Airlines inagula TWA, yomwe inali pa mavuto a ngongole. Mabungwe a mbali ziwirizi anali osiyana, ndipo a ku TWA anakakamizika kusiya ufulu wawo wopita kwa mkhalapakati kuti malonda atheke. Oposa theka la oyendetsa ndege a TWA anaikidwa kumchira kwa mndandanda wa American, ndipo ogwira ntchito yosamalira okwera anaikidwa kumchira onse. Anthu a m'ntchitoyi amati kumeneku n'kukhomedwa ndi sitepula, ngati pepala loiwalika limene walimata kumapeto kwa ena. Patangopita miyezi yochepa chigulireni TWA kunachitika zauchifwamba za pa 11 Sepitembala, kuimitsa anthu kunayambira kumchira monga mwa nthawi zonse, ndipo mzinda wa St. Louis, womwe unali kwawo kwa TWA, unalira. Oyendetsa ndege a TWA anadzasumira ALPA kuti sinawateteze, ndipo mlanduwo unatha ndi chipukutamisozi cha madola 53 miliyoni patapita zaka zoposa 10.

Maseneta awiri a boma la Missouri, Claire McCaskill ndi Kit Bond, ndi amene anakankha lamulo la mu Disembala 2007 lomwe limadziwika ndi mayina awo. Linabwezeretsa mfundo ziwiri zimene boma linaika mu 1972 pamene Allegheny inkameza Mohawk: mindandanda iphatikizidwe mwachilungamo, ndipo zikakanika nkhani ipite kwa mkhalapakati wogamula. Lamuloli silinena kuti chilungamocho n'chiti, tsiku lolembedwa kapena mpando umene wabwera nawo. Limangoletsa wamphamvu kukhomerera wofooka kumchira popanda womvetsera.

Delta ya ku Atlanta itaphatikizana ndi Northwest mu 2008, atsogoleri a oyendetsa ndege anali ataonera kale za US Airways, ndipo anasintha ndondomeko ya zinthu. Anayamba ndi ndalama. Kontirakiti imodzi, yokhala ndi malipiro okwera komanso masheya m'kampani yatsopano, inavomerezedwa kuphatikizana kusanamalizike mu Okutobala. Mndandanda unaperekedwa kwa akhalapakati atatu, ndipo unatuluka mu Disembala chaka chomwecho. Odandaula analipo, sangalephere. Koma panalibe amene akanatha kugwira kontirakiti ngati chikole kuti aletse mndandanda, chifukwa kontirakitiyo inali kale m'thumba, ndipo munthu amene wakhuta amapirira nambala yoipa kusiyana ndi wanjala.

Si ku America kokha. Air India ndi Indian Airlines zitaphatikizidwa mu 2007, mkwiyo unakhalabe pansi ngati khala la m'phulusa, mpaka mu 2012 oyendetsa ndege a mbali ya Air India yakale ananyanyala ntchito pafupifupi miyezi iwiri. Nkhani yaikulu inali yakuti ndani aphunzitsidwe kuulutsa Boeing 787 yatsopano, zomwe ndi mkangano womwewo utavala malaya ena.

Mmene zinathera ku US Airways

Mfundo imene inakanika kumasulidwa ndi makhoti inadulidwa ndi ukwati wina. American Airlines, yomwe nayo inathawira kukhoti chifukwa cha ngongole mu Novembala 2011, inaphatikizana ndi US Airways mu Disembala 2013, Doug Parker yemweyo ali pa chiwongolero. Mgwirizano watsopano unabweretsa malipiro okwera kwa a Kum'mawa ndi a Kumadzulo omwe, ndipo anauvomereza ndi manja awiri. Mu 2014 bungwe la oyendetsa ndege a American, la APA, linatenga udindo woimira onse, ndipo a Kum'mawa amene anali ochuluka dzulo anasanduka ochepa. Mu Juni 2015 khoti la apilo linanena pomaliza kuti USAPA inalakwiradi a Kumadzulo, patadutsa zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri chisumireni.

Tsopano mindandanda yoti iphatikizidwe inali itatu, anthu pafupifupi 15,000. Akhalapakati atatu anamvetsera mbali zonse, ndipo mu Sepitembala 2016 anatulutsa mndandanda umodzi umene unayeza zonse ziwiri, zaka zimene munthu wagwira ndi mpando umene anabwera nawo. Tsiku lolembedwa ntchito, lomwe a Kum'mawa anagwetsera ALPA, silinakhale muyeso. Mndandanda wa Nicolau, womwe a Kumadzulo anaumenyera m'makhoti ndi ndalama za m'matumba mwawo, sunagwiritsidwepo ntchito ngakhale tsiku limodzi.

Sullenberger anapuma mu 2010 osauona mndandanda umodziwo. Ndege yomaliza yonyamula dzina la US Airways inauluka mu Okutobala 2015, ndipo anaipatsa nambala 1939, chaka chimene kholo la kampaniyo linayamba kunyamula makalata m'midzi ya kufupi ndi Pittsburgh. Dzinalo linafufutidwa oyendetsa ndege ake akadali pa mizere iwiri, ndipo anadikirabe miyezi ina 11.